Mwala wa ku Delphi ndi Mlandu wa Paulo Woyera

Tiyeni tipite m'maganizo ku dziko la Greece, pa malo otchedwa Delphi, m'mbali mwa phiri la Parnassus.

Agiriki akale ankasimba kuti Zeus, mkulu wa milungu yao, anaulutsa ziombankhanga ziŵiri, china kuchokera kuvuma, china kuzambwe, ndipo zinakakumana pa Delphi. Nchifukwa chake malowo ankaŵatcha mchombo wa dziko lapansi. Ankatinso mulungu wao Apollo anaphera pomwepo chinjoka dzina lake Python. Pamalopo panamangidwa kachisi, ndipo mafumu ndi anthu wamba ankabwera kudzaombeza kwa mai wotchedwa Pythia. Koma mayankho ake anali a paŵiripaŵiri. Wolemba mbiri Herodotus akusimba za Croesus, mfumu ya ku Lydia, amene anauzidwa kuti akaputa Aperezi adzagwetsa ufumu waukulu. Anapitadi ku nkhondo mtima uli m'malo, koma ufumu umene unagwawo unali wake womwe.

M'chaka cha 1892 akatswiri a ku France anayamba kufukula malowo, ndipo mudzi wa Kastri, umene unali pamwamba pa mabwinja, anachita kuusamutsa. Iwo ankayembekeza kupeza mng'alu umene olemba akale ankati unkatulutsa mpweya woledzeretsa Pythia, koma sanaupeze. M'chaka cha 2001 akatswiri ena a miyala analengeza kuti pansi pa kachisiyo pamadutsa ming'alu iŵiri, ndi kuti m'madzi a pakasupe wa pafupi muli mpweya wotchedwa ethylene. Anzao anatsutsa, nati mpweyawo ngwochepa kwambiri. Mkanganowo tiusiye kwa eni ake.

Chimene ndikufuna kuti tichione ndi zidutswa za mwala wolembedwa, zopezeka pa Delphi pomwepo, zimene Émile Bourguet anayamba kuzifalitsa m'chaka cha 1905. Pamwalapo panazokotedwa kalata ya Claudius, mfumu yaikulu ya Aroma, yodandaula kuti nzika za mzindawo zatha. M'kalatamo akutchula bwenzi lake Junius Gallio, bwanamkubwa wa chigawo cha Achaia, mbale wake wa wanzeru uja Seneca.

Dzina limeneli si lachilendo kwa ife. M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 18, timaŵerenga kuti Paulo Woyera anakhala ku Corinth chaka ndi theka, ndi kuti adani ake anamkokera ku bwalo la Gallio, koma iye anakana kuuzenga mlanduwo poona kuti unali wa chipembedzo. Tsono imvani bwino apa. Kalata ija ikuti Claudius anali atalandira ulemu wa wopambana pa nkhondo kokwanira ka 26, ndipo poyerekeza ndi zolemba zina za Aroma, akatswiri apeza kuti inalembedwa m'chaka cha 52. Popeza bwanamkubwa wotere kaŵirikaŵiri ankakhala pa udindo chaka chimodzi chokha, ambiri amaika ulamuliro wa Gallio pakati pa 51 ndi 52. Kuchokera pa chikhomo chimenechi amaŵerengera cham'mbuyo ndi cham'tsogolo zaka za maulendo ndi makalata a Paulo.

Tisaunamizire mwalawo, abale anga. Dzina la Paulo palibepo, ndipo zimene iye ankalalika mwala sungazitsimikize. Umboni wake ngwakuti woweruza uja anali munthu weniweni, wa m'chaka chodziŵika. Ndipo ine ndimauŵerengera kwambiri umboni umenewu chifukwa unachokera kwa mfumu imene inalibe nkhaŵa ndi Mpingo, yongofuna kudzazanso anthu mumzinda wa Apollo. Ku Corinth nako ofukula anapeza nsanja yamiyala pakati pa msika, yotchedwa bema, pamene akuluakulu a boma ankaimirira polankhula kwa anthu, ndipo ambiri amaganiza kuti Paulo anaimikidwa patsogolo pake.