KUNENEPA KWA MWANA SINDIKO THANZI

Mau okambidwa kwa makolo ndi aphunzitsi a m'midzi

Anthu ambiri akaona mwana wonenepa amati pakhomo pamenepo sipagona njala. Komatu kunenepa kopyola muyeso ndi chiyambi cha matenda. Mwana wotere kawirikawiri amakula nalo thupi lomwelo, ndipo atakula sachedwa kugwidwa ndi nthenda ya shuga kapena yothamanga magazi.

Kafukufuku wa Boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka 5 m'Malawi, ana 37 anali opinimbira ndipo 5 anali onenepa koposa. Mavuto awiriwa kholo lawo ndi limodzi, ndilo kadyedwe kolakwika. Mayi amene agulitsa mazira ndi mtedza kuti agulire mwana mabisiketi ndi zakumwa zam'botolo ayesa amkonda, koma m'botolo limodzi lokha muli shuga wokwana masipuni aang'ono ngati 8.

Alangizi a zaumoyo aphunzitsa kuti mwana adye kuchokera m'magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, zanyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Zambiri mwa izi ziri m'munda ndi kudimba. Phala la mgaiwa lotsira nsinjiro, bonongwe, usipa ndi papaya ziposa zotsekemera za m'sitolo. Amayi a mudzi umodzi angathe kumasonkhana kuphikira pamodzi ndi kuphunzitsana, osaiwala kupita ndi ana kusikelo, pakuti sikelo ndiyo ionetsa ngati mwana alikukula bwino.

Chakudya chokha sichikwanira. Thupi lifunanso ntchito. Bungwe la World Health Organization linena kuti mwana wa zaka 5 kufikira 17 azisewera mwamphamvu mphindi 60 tsiku liri lonse.

Za ichi aphunzitsi angatengepo phunziro ku Scotland. M'chaka cha 2012, pa sukulu ya St Ninian's m'mzinda wa Stirling, mphunzitsi wamkulu, Mayi Elaine Wyllie, anaona kuti ana ake alikulephera kuthamanga kuzungulira bwalo. Tsono anayamba kuwatulutsa tsiku ndi tsiku kuti athamange mphindi 15 zokha, atavala zovala zawo zomwezo za kusukulu. Patapita masabata owerengeka ana analimba, ndipo mwambowo, wotchedwa Daily Mile, wafalikira m'masukulu a m'maiko ambiri. Sulira ndalama iai. Ulira bwalo ndi mphunzitsi wakhama basi.

Bwalo liripo pa sukulu iri yonse ndi m'mudzi uli wonse. Chipako, jingo, fulaye, mpira ndi magule ndiwo mankhwala osagula. Nyakwawa ndi komiti ya sukulu apangane tsiku lolambula bwalo, ndipo makolo asaletse ana aakazi kusewera chifukwa cha ntchito zapakhomo. Mtengo auongola ukali waung'ono.