Tulo ta Mwana Wodwala Chibayo

 Lero tikambirane za khanda limene lagonekedwa m'chipatala chifukwa cha chibayo.

Mwana akagona, mtima wa mayi umakhala pansi, pakuti timati tulo ndi mpumulo. Koma kwa mwana wobanika, tulo tina ndi chizindikiro chakuti mphamvu zikutha. Mwana amene ali kupeza bwino amagona modukizadukiza chifukwa cha chifuwa ndi mphuno zotsekeka, amatakataka, ndipo njala ikam'gwira amadzuka nayamwa. Amene matenda am'kulira amangoti zii, manja ndi miyendo lende; mukam'gwedeza sadzuka msanga, ndipo bere amalikana. Winanso amavutika kosalekeza, osapeza tulo konse, chifukwa mpweya ukum'perewera.

Nthawi yabwino yowerengera kapumidwe ka mwana ndi pamene wagona phee. Vundukulani pachifuwa, muwerenge kwa mphindi yathunthu. Khanda losakwana miyezi 2 likapuma ka 60 kapena kuposa, ndiye kuti likupuma mofulumira. Wa miyezi 2 mpaka 11 malire ake ndi ka 50. Onaninso ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati pokoka mpweya, ngati mutu ukugwedezeka pa kupuma kulikonse, ngati akubuula, kapena kuleka kupuma kwa kanthawi. Mukaona chimodzi mwa izi, itanani anamwino pomwepo, ngakhale pakati pa usiku.

Pakati pa 2015 ndi 2018, pa chipatala cha boma cha Salima panachitika kafukufuku wa ana 644 odwala chibayo chachikulu. Ena anapatsidwa okosijeni mwa nthawi zonse, ena anaikidwa pa makina okankhira mpweya m'mphuno otchedwa CPAP. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2019, zinaonetsa kuti pamalo popanda dokotala woyang'anira ana tsiku ndi tsiku, makinawo sanachepetse imfa. Tiphunzirepo kuti chipangizo pachokha sichikwanira popanda wina woyang'anitsitsa mwanayo.

Anamwino ndi ochepa, mabedi ndi ambiri, koma inu mayi muli pambali pa mwana wanu usiku wonse. M'gonekeni chagada, musachotse timapaipi ta m'mphuno, ndipo musam'mwetse mankhwala ena alionse omugonetsa. M'mawa auzeni achipatala m'mene wagonera, kangati wayamwa, ndiponso ngati anali kutakataka. Mau anu adzawathandiza kudziwa mwana woyenera kuonedwa poyamba.