Thumba la Chakudya ndi Thireyi ya Mazira

Ife oweta nkhuku zoikira tapemphedwa kunenapo za chakudya, poti ngongole imene ambiri timatenga m'gulu imathera m'matumba a layers mash.

Nkhuku yoikira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku. Ndiye kuti nkhuku 100 zimamaliza thumba la makilogalamu 50 m'masiku anayi basi. Mtengo ukakwera, mtima umanong'oneza kuti tithiremo madeya, thumba lifike sabata. Phindu limathawira pamenepo.

Nkhuku imadya pofuna mphamvu. Chakudya chabwino cha zoikira chimakhala ndi ma kilocalorie pafupifupi 2,750 pa kilogalamu, ndipo ambiri amachokera ku chimanga. Madeya, kapena gaga, ali ndi makoko ambiri ndipo mphamvu yake ndi yocheperako. Nkhuku imayesa kudya mowonjezera, koma mimba ili ndi malire. Mphamvu imene yapeza imayamba yasamala thupi, yotsala ndiyo imapita ku dzira. N'chifukwa chake khola limaoneka bwinobwino, nkhuku zili gwiragwira kudya, koma mayi amene ankatola mathireyi atatu wayamba kutola awiri, tsiku lobweza ngongole lili pomwepo. Komanso madeya aja amasungunula zonse zimene opanga anayeza m'thumbamo: mapuloteni, amene amafunika kukhala 16 mpaka 18 pa 100 aliwonse, mavitamini ndi kashiamu. Kuchulutsa chimanga nakonso n'kulakwa. Nkhuku imakhuta msanga, imanenepa, mazira n'kuchepa.

Za kashiamu tikhalepo pang'ono. Chigoba cha dzira limodzi chimatenga magalamu awiri a kashiamu, ndipo nkhuku imafunika kudya pafupifupi anayi patsiku. Ikasowa, imachotsa m'mafupa ake, miyendo n'kufooka, mazira n'kumasweka musanafike nawo pamsika. Chigoba chimapangidwa makamaka usiku, choncho laimu wa ziweto wa timiyalatimiyala apatseni madzulo. Tanena wa ziweto, amayi, osati wopaka nyumba uja!

Amene timasakaniza tokha, soya tizimukazinga kaye, chifukwa wosaphika amalepheretsa nkhuku kugaya mapuloteni. Usipa wa ku Nyanja ya Malawi kapena kapenta wa ku Kariba ndi Cahora Bassa amathandiza kwambiri, koma mukachulutsa dzira limanunkha nsomba. Mchere ndi wochepa, magalamu 300 pa makilogalamu 100. Premix musamudumphe ngakhale kapaketi kake kamaoneka kodula, ndipo tsatirani muyeso wolembedwa pamenepo. Masamba a cham'mwamba oumitsa pamthunzi amakometsa chikasu cha dzira, makasitomala amakonda, koma salowa m'malo mwa soya. Chimanga cha chuku, chimene anthu takana, nkhuku nazonso chimazidwalitsa ndi kuchepetsa mazira.

Mwezi wa Okutobala, kaya muli ku Tete, ku Chipata kapena ku Nsanje, nkhuku zimachepetsa kudya chifukwa cha kutentha. Imeneyo ndi nthawi yoipitsitsa yothira madeya, popeza pang'ono pamene zadya m'pofunika pakhale zonse. Zipatseni chakudya m'mamawa ndi madzulo kukazizira. Madzi asathe: nkhuku 100 zimamwa malita 25 patsiku, kukatentha kuposa pamenepo.

Pempho lathu ku magulu ndi ili. Mayi akabwereka ndalama za nkhuku zoikira, m'bajeti yake muoneke chakudya chokwanira mpaka nkhuku zitayamba kuikira, pa masabata 18 mpaka 20, osati mtengo wa anapiye wokha. Ndipo m'kope lake azilemba tsiku ndi tsiku makilogalamu amene wathira ndi mazira amene watola. Pa msonkhano wa mwezi, mlembi agawe ndalama za chakudya ndi nambala ya mathireyi, tione kuti thireyi imodzi yamudyera zingati.