Cifukwa Cace Amathira Madzi pa Mseu Watsopano

Munthu wa paulendo m'mwezi wa October akafika pamene akukonza mseu watsopano amaona codabwitsa. Zitsime za m'midzi zaphwa, ng'ombe ziri kuyenda mtunda wautali kufuna madzi, koma galimoto ya thanki iri kukhuthula madzi pa dothi. Ambiri amayesa kuti afuna kuletsa pfumbi cabe. Iai, madziwo ali ndi nchito yoposa imeneyo.

Dothi lokumbidwa catsopano liri ndi timipata tambiri todzala ndi mpweya. Yense amene anafotserapo dzenje adziwa kuti mvula ikagwa, pamalopo pamatitimira. Comangidwa pa dothi lotere cimatitimiranso: phula la pamseu limasweka, cipupa ca nyumba cimang'aluka. Cotero nchito ya makina olemera aja ndiyo kufinya dothi kuti mpweya uturuke, lisanayambe kusenza katundu.

Komatu kulemera kwa makina pakokha sikukwanira. Amene analongosola bwino zimenezi ndiye R. R. Proctor, mmisiri wa madamu wa mzinda wa Los Angeles ku America, m'caka ca 1933. Muyeso wochedwa ndi dzina lace umacitika motere. Amaika dothi m'cikho cacitsulo m'magawo 3, ndipo gawo liri lonse amalisinja ka 25 ndi munsi wolemera mapaundi 5 ndi theka, wogwa kucokera mainchesi 12. Akaliyesa pa sikelo amaonjeza madzi pang'ono nabwerezanso. Dothi louma limakana, pakuti timibulu tace timakolana. Likanyowa timaterereka ndi kulowana, ndipo dothi limalimba koposa. Koma madzi akapitirira muyeso amadzaza timipata tija, ndipo madzi safinyika. Makina akapondapo dothi limangotitimira apa ndi kutupa apo ngati nsima yosapsa. Dothi liri lonse liri ndi muyeso wace wa madzi, ndipo amai oumba mbiya sangadabwe kumva zimenezi.

Kapitao wozolowera amayamba kuyesa ndi dzanja. Akafumbata dothi ndipo lamwazika, ndiye kuti lauma. Likanyowetsa cikhato, madzi acuruka, ndipo ayenera kulitembenuza kuti liume. Likaumbika, nkuthyoka pawiri bwinobwino, makina angathe kuyamba.

Makinawo sali amodzimodzi. Pa dongo amagwiritsa nchito cigudumu cokhala ndi ziboda zacitsulo, cimene Angerezi amacicha phazi la nkhosa. Zibodazo zimalowa pansi ndi kukanda dongo kuyambira pansi kukwera pamwamba. Poyamba zimamira zonse, koma dongo likamalimba zimaleka kumira, mpaka cigudumu ciyenda pamwamba. Woyendetsa akaona comweco adziwa kuti gawolo latsala pang'ono kutha. Pa mcenga ndi miyala yaing'ono ziboda sizithandiza, zimangovundula. Pamenepo pafunika cigudumu cosalala cimene cimanjenjemera, monga munthu agwedeza thumba la cimanga kuti likhazikike ndi kulandira cina. M'ngalande za mipope ndi m'mbali mwa maulalo, m'mene cigudumu sicingalowe, amasinja ndi kamakina kodumphadumpha kogwira pamanja. Ndipo ndi pomwepo, pofika pa ulalo, pamene galimoto imagunda kawirikawiri mseu ukakalamba.

Cinyengo cimalowa pa kucindikala kwa magawo. Mphamvu ya cigudumu siifika patali, cotero dothi amalimwaza mainchesi 6 kapena 8 okha, nalitsendereza, asanathire lina. Womanga wofulumira akathira mapazi 2 nthawi imodzi, pamwamba pamauma gwa, pansi pali pofewa, ndipo diso silingaone kanthu kufikira dzinja loyamba. Nkaamba kace oyang'anira amakumba kadzenje m'gawo lomalizidwa, nayesa kulemera kwa dothi loturukamo, nadzazamo mcenga wodziwika kulemera kwace kuti apeze kukula kwa dzenjelo. Dothi likapepuka kusiyana ndi muyeso wa Proctor, gawolo amaligumula ndi kuyambanso.

Pa mseu colakwa cotere cimathyola masipuling'i. Pa damu cimaika miyoyo pangozi, pakuti madzi amafuna pofewa, nayamba ngati kamtsinje ka nyerere. Damu la Itezhi-Tezhi pa mtsinje wa Kafue, lomalizidwa m'caka ca 1977, ndi khoma la dothi ndi miyala lotalika mamita 62 kukwera m'mwamba ndi mamita 1,800 m'litali. Madzi amene limasunga m'dzinja ndiwo amatsikira ku Kafue Gorge m'cirimwe kukazunguza makina a magetsi.