Miyezi Yodikira Mayina a ku Koleji

Andipatsa mphindi khumi zokha, ndiye ndisachedwe.

Ndi angati muno amene analemba mayeso a Fomu 4 ndipo akudikira kuti mayina a ku koleji atuluke? Takwezani manja. Eee, tilipo ndithu, langanso ndi ili. Nkhani yanga lero ndi ya miyezi imeneyi, yoti sukulu wamaliza koma kwinako sunayambe. Ine ndimaona kuti kwa ife achinyamata a kumudzi, iyi ndi nthawi imene kachilombo ka HIV kamatipeza mosavuta.

Tiyeni tiwerengere limodzi. MSCE ukalemba, a MANEB amatulutsa zotsatira patapita miyezi ingapo. Ukakhoza, umadikira a NCHE alengeze kuti anthu ayambe kufunsira malo m'mayunivesite a boma, omwe ndi UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST. Ukafunsira, kudikiranso. Dzina likatuluka, sikuti koleji itsegula mawa lake ayi. Mukaphatikiza zonsezi, chaka chimatha uli pakhomo, ena mpaka kupitirira. Kusukulu kunali belu lotiuza chochita. Pano belu kulibe. Ukachoka kumunda, masana onse ndi ako, ndipo aliyense wokumana naye panjira funso lake ndi limodzi: "Kodi zatuluka?"

Atsikana ndiye zimawakulira. Azakhali amayamba kunena kuti mwana wamkazi sangokhala chonchi, kuli bwino apeze banja. Ndipo nthawi yomweyi ndi imene chidyamakanda chimatulukira. Musaganize kuti amabwera ngati chilombo. Amabwera ngati munthu wachifundo, wodziwa bwino chimene ukusowa: ndalama yolipirira fomu, foni, bandulo ya intaneti, ya thiransipoti yopitira kuboma. Ena amawonjezera kuti, "Usadandaule, ndili ndi mnzanga kumeneko, dzina lako lituluka basi."

Pamenepa ndiime pang'ono, chifukwa bodza limeneli limagwira anthu osadziwa mmene kusankha kumayendera. Kuti ufunsire malo ku yunivesite ya boma, uyenera kukhala ndi makirediti asanu ndi imodzi, Chingerezi chili momwemo. Amawerenga mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi amene unakhoza bwino, ndipo mapointi akachepa m'pamene mwayi umakula. Amayang'ananso ngati unakhoza maphunziro oyenderana ndi kosi imene wasankha, ndipo umapikisana ndi anzako onse amene asankha kosi yomweyo. Zija za kota, zosankha potengera boma lochokera, boma linazithetsa mu 2020. Mayina akatuluka amalengezedwa poyera, aliyense amadziwerengera yekha. Tsono bambo wa golosale uja dzina lako alilowetsa pati? Chimodzimodzi woimba foni kuti umutumizire ndalama akusungire malo, ameneyo ndi wakuba.

Nanga kuopsa kwake kuli pati? Bambo wamkulu wakhala akugonana ndi anthu kwa zaka zambiri kuposa mnyamata wa msinkhu wako, ndipo kawirikawiri sukhala wekha. Chinanso, munthu amene wakugulira foni n'kovuta kumuuza kuti avale kondomu. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene m'dziko muno atsikana a zaka 15 mpaka 24 amatengera kachilombo kwambiri kuposa anyamata a msinkhu womwewo.

Anyamata musaseke, inunso muli momwemo. Miyezi yodikirayi ndi imene ambiri timagwira ndalama yathuyathu koyamba, ya ganyu, ya kabaza, ena amapita kunyanja kukathandiza asodzi. Ndalamayo ikathera ku kachasu, zotsatira zake mukuzidziwa. Ndipo alipo ena muno, sinditchula mayina, amene ayamba kale kufunsira atsikana ponena kuti "ine ndi wa ku yunivesite" pamene mayina sanatuluke n'komwe.

Tsiku lotuluka mayina lili ndi misampha iwiri. Wosankhidwa amafuna kusangalala usiku wonse. Wotsala amati basi moyo wathera pompa, chilichonse chichitike. Wachiwiriyu ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Anzanga, malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa poyerekeza ndi anthu oyenera kulowamo, ndiye chaka chilichonse ambiri okhoza bwino amatsala. Kutsala si kulephera. Kuli makoleji a uphunzitsi monga a ku Kasungu, Machinga ndi Karonga. Kuli Malawi College of Health Sciences ndi masukulu a unamwino a mipingo. Kuli makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, kumene anthu amaphunzira zamagetsi, zomangamanga, ukalipentala ndi zosoka. Ukhozanso kulembanso mayeso kuti mapointi atsike. Ambiri mwa malo amenewa amalengeza paokha, pa nthawi yawoyawo, ndiye osamangoyang'ana khomo limodzi. Ndipo wosankhidwa amene akuopa fizi adziwe kuti kuli bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite. Mufunsire kumeneko, osati kwa bambo uja.

Za kudziletsa timakamba sabata iliyonse, ndipo ndi njira yosakayikitsa. Koma tisanamizane, si tonse muno amene tikudziletsa. Ngati uli ndi chibwenzi, kayezetseni magazi nonse awiri, ndipo kondomu izigwiritsidwa ntchito nthawi zonse, osati masiku oyamba okha. Kuzipatala za boma kuyezetsa ndi kwaulere, makondomunso ndi aulere. Ngati zachitika mosadziteteza, kondomu yaphulika, kapena wina wakugwiririra, thamangira kuchipatala maola 72 asanathe. Kuli mankhwala otchedwa PEP, amamwedwa masiku 28, ndipo amathandiza kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi. Ukachedwa sagwira ntchito. Komweko atsikana afunsenso mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi. Amene akuona kuti ali pachiopsezo kawirikawiri afunse za PrEP, omwe munthu wopanda kachilombo amalandira kuti adziteteze.

Kwa mnzathu amene ali nako kale kachilombo, kaya anabadwa nako kaya anakatenga, posankha anthu amayang'ana mapointi, sayang'ana magazi. Lamulo la za HIV ndi Edzi lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachilomboka. Chofunika n'kusadumphitsa ma ARV chifukwa cha maganizo a kudikiraku. Dzina likatuluka, ukawauze a kuchipatala kwanu akulembere kalata yosamukira, kuti ukazilandirira mankhwala pafupi ndi kolejiyo.

Pempho langa kwa a patironi ndi makomiti ndi ili. Kalabu iliyonse ilembe mayina a anthu ake amene akudikira. Loweruka tizikumana, foni imodzi ya intaneti ikwanira tonse, bandulo tizisonkherana, ndipo tizithandizana kudzaza mafomu ndi kuona zimene makoleji alengeza. Amene tinakhoza masamu ndi sayansi tiziphunzitsako azing'ono athu a Fomu 2 ndi Fomu 4 masana. Amene akufuna kulembetsa andipeze pakhomo apo tikamatuluka, kope ndabwera nalo.