Mabisiketi a Bata Ophikira Wokondedwa

Munthu woyenda pa msewu wa Lilongwe ndi Blantyre akaima pa Lizulu kapena pa mphambano ya ku Tsangano, amapeza kachewere, kabichi ndi tomato zosefukira m'madengu. Koma chimene ambiri sadziŵa n'chakuti mapiri ozizira a ku Tsangano amaberekanso tirigu. Tiriguyo, pamodzi ndi mkaka wa ng'ombe zimene Angoni a kwa Gomani akhala akuŵeta kuyambira kale, n'zokwanira kupangira mphatso imene golosale singagulitse: mabisiketi a bata ophikidwa ndi manja a munthu mwini, kuphikira amene mtima wake unamusankha.

Muyeso wake ndi wakale. Anthu a ku Scotland, dziko limene kunachokera amishoni amene anakhazikitsa Blantyre mu 1876, amatenga gawo limodzi la shuga, magawo aŵiri a bata ndi magawo atatu a ufa wa tirigu. Kunena kwake, magalamu 100, 200 ndi 300, ndi kamchere pang'ono. Dzira silifunika, madzinso ayi.

Chovuta ndi bata. Mtengo wake m'sitolo ndi woboola m'thumba, ndipo ambiri amathaŵira ku majarini. Majarini amaphika ndithu, koma fungo lake silifikapo. Amene ali ndi ng'ombe yokama angathe kuŵiritsa mkaka, kuusiya ugone, n'kuwengula mafuta apamwamba masiku angapo, kenaka kuwakhutchumula m'botolo mpaka bata atapatukana. Mkono umatopa, ndipo kilogalamu imodzi ya bata imadya malita a mkaka oposa 20. Wolandira mphatsoyo, ngati anakulira pa khola, amadziŵa zimenezi popanda womuuza.

Bata ndi shuga azitakasidwa mpaka zitayera, ufa wosefa uloŵe pambuyo. Apa ndi pamene ozoloŵera mandasi amalakwitsa: amakanda mwamphamvu, mabisiketi n'kutuluka olimba ngati njerwa. Ufawu umangofuna kusonkhanitsidwa ndi nsonga za zala. Bata amasungunuka ndi kutentha kwa m'manja komwe, n'chifukwa chake m'maŵa wozizira wa June kapena July ku Ntcheu ndi wabwino kuposa masana a October.

Uvuni si wofunika. Amayi ophika chigumu anathana nalo kale vuto limeneli. Mchenga wouma uthiridwe pansi pa sefuliya yaikulu, mbale ya mabisiketi ikhale pa mchengapo, sefuliya ikhale pa mbaula ya moto wofatsa, ndipo makala ochulukirapo akhale pa chivindikiro. Pakatha mphindi 15 wophika asuzumire. M'mbali mukayamba kufiira, basi apsa, ngakhale akuoneka ofeŵa, amalimba akamazizira. Ofuna kuphikira tsiku la Valentine, pa 14 February, akumbukire kuti imeneyo ndi nthaŵi ya dzinja, ndipo makala onyowa amaloŵetsa utsi m'mabisiketi.

Palinso mawu kwa abambo. Alipo amene amaopa kuti akaoneka ndi ufa m'manja anzawo pa bawo adzati anadyetsedwa khuzumule. Komatu ophika buledi m'mabekale ambiri ndi amuna, ndipo palibe amawaseka. Mbale yoyamba imapserera kaŵirikaŵiri. Imeneyo ndi ya ana. Yachiŵiri ikulungidwe m'kansalu koyera, idikire madzulo ana atagona, tiyi ali pa moto.