Madzi Saiwala Khwawa: Chuma cha Abomey Chibwerera Kwawo



Mtundu wa anthu ukhoza kulandira mbendera yake, koma n'kukhala usanalandire zonse zimene unalandidwa. Mbiri ya ufumu wa Dahomey, kuzambwe kwa Africa, komwe lero kuli dziko la Benin, ikuchitira umboni mawu amenewa.

Pamene mayiko a ku Ulaya ankagawana Africa, Afalansa analunjika maso awo pa Dahomey. Unali ufumu wamphamvu, wokhala ndi asilikali aamuna ndi aakazi omwe, ngakhale kuti unali ndi banga lake: unalemera pogulitsa akapolo padoko la Ouidah. Mfumu Béhanzin inakana kugonjera atsamunda. Mu Novembala 1892, asilikali a France motsogozedwa ndi Alfred Dodds analowa mumzinda wa Abomey, likulu la ufumuwo, mfumu itautentha pothawira kumpoto. Adaniwo anafunkha zimene zinapulumuka kumoto: mipando yachifumu, zitseko zosemedwa mwaluso, ndi ziboliboli za mafumu. China chinali cha munthu wa mutu wa mkango, choimira Mfumu Glele. China cha munthu wa thupi la nsomba yolusa yotchedwa shaki, choimira Béhanzin mwini. Zonsezi zinakathera m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Paris.

Béhanzin anadzipereka mu 1894. Anamutumiza kutali, kuchilumba cha Martinique, ndipo anamwalirira ku Algeria mu 1906 osaonanso kwawo. M'sukulu za atsamunda, ana a Dahomey anaphunzira Chifalansa ndi mbiri ya France, pamene umboni wa mbiri yawo unali m'magalasi kutsidya kwa nyanja.

Mu 1960, mayiko 14 a kumwera kwa chipululu cha Sahara amene ankalamulidwa ndi France analandira ufulu wodzilamulira. Dahomey analandira wake pa 1 Ogasiti, ndipo mu 1975 anasintha dzina kukhala Benin. Koma mipando ya mafumu inatsalabe ku Paris. Boma la Benin litaipempha mu 2016, France anakana, ponena kuti malamulo ake salola kuchotsa chinthu chimene chalowa m'nkhokwe ya boma.

Zinthu zinasintha mu 2017, Pulezidenti Emmanuel Macron atalonjeza ku Ouagadougou kuti chuma cha Africa chiyamba kubwezedwa. Akatswiri awiri, Felwine Sarr ndi Bénédicte Savoy, anapeza mu 2018 kuti France akusunga zinthu pafupifupi 90,000 zochokera kumwera kwa Sahara. Nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lapadera mu 2020, ndipo pa 10 Novembala 2021 zinthu 26 za ku Abomey zinafika ku Cotonou, patatha zaka 129. Anthu anakhamukira m'misewu kukazichingamira ndi ng'oma ndi magule, monga alandirira mwana amene anatchona. Madzi saiwala khwawa.

Komabe zinthu 26 n'zochepa poyerekeza ndi 90,000, ndipo zinabwera patapita zaka 61 chilandirire ufulu. Kulanda kunatenga masiku; kubweza kwadya mibadwo.

Anthu a ku Benin anatha kuitanitsa chuma chawo chifukwa ankachidziwabe: dzina la mfumu iliyonse, chizindikiro chake ndi mpando wake zinasungidwa m'kamwa mwa akuluakulu ndi m'nyimbo za kubwalo la mfumu. Akadaiwala, bwenzi palibe wopempha. N'chifukwa chake tsiku ngati lalero si la madyerero okha. Ng'oma imene yalira pano, gule amene wavinidwa ndi mayina a makolo amene atchulidwa ziyenera kufika m'makutu mwa ana, pakuti chimene mwini wake wachiiwala sichifunanso wakuba.